Mamasiki Akagwa Ndege Ili M'mwamba

Ndege isananyamuke, kaya ndi pa Chileka, pa Kamuzu kapena pa bwalo lina lililonse padziko, ogwira ntchito m'ndege amaimirira pakati pa mipando atanyamula kamasiki kachikasu n'kusonyeza kavalidwe kake. Nthawi imeneyo ambiri maso amakhala ali pa foni. Komatu kachionetsero kachiduleko ndi kachigawo chabe ka dongosolo lalikulu limene oyendetsa ndege amaloweza pamtima, ndipo mbali zambiri za dongosololi zinalembedwa anthu atafa.

N'chifukwa chiyani m'ndege amapoperamo mpweya?

Ndege zikuluzikulu zonyamula anthu zimauluka pa mamita 10,000 mpaka 12,000 m'mwamba, chifukwa kumeneko sizimwa mafuta ambiri ndipo mitambo yoipa yambiri imatsala m'munsi. Koma kumeneko si malo a munthu. Okosijeni alipo ndithu, gawo lake mumpweya ndi lomwe lija la 21 pa 100, kungoti mpweyawo ndi wopepuka zedi. Pulesha yake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a pulesha ya m'mphepete mwa nyanja yamchere. Munthu amapuma, chifuwa n'kumakwera ndi kutsika bwinobwino, koma palibe mphamvu yokankha okosijeni kuti achoke m'mapapo alowe m'magazi. Kuzizira nako kumafika madigiri 50 pansi pa ziro.

Ndiye m'kati mwa ndege amaunjikamo mpweya kuti thupi lizimva ngati lili pa mamita 1,800 mpaka 2,400, pafupifupi ngati pamwamba pa phiri la Zomba kapena ku Nyika. Safikitsa pulesha ya pansi penipeni chifukwa pangafunike khoma lokhuthala ndi lolemera kwambiri kuti lipirire.

Mpweyawo umachokera kuti?

Pa ndege zambiri umachokera ku mainjini. Injini imameza mpweya wakunja n'kuufinya kwambiri usanakumane ndi mafuta, ndipo pang'ono pa mpweya wofinyidwawo amaupatutsa, n'kuuziziritsa, n'kuulowetsa mokhala anthu. Boeing 787 yokha ili ndi makina amagetsi opopera m'malo mopatutsa ku injini.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ndege si chitini chomata. Ili ngati chubu cha njinga chokhala ndi kabowo chimene wina akuchipopa mosalekeza: malinga wopopayo akuposa kabowoko, chubu chimakhalabe cholimba. Kabowo ka ndege n'kadala. Ndi valavu imene imakhala chakumbuyo, kunsi kwa ndege, ndipo kompyuta imaitsegula kapena kuitseka pang'onopang'ono kuti pulesha ikhale pamlingo wake. Vuto limabwera ngati wopopa wafooka, ngati valavu yakhala chitsegukire, kapena ngati paboowoka pena pamene sipanayenera kuboowoka.

Nanga chimaboola ndege yachitsulo n'chiyani?

Nthawi zambiri ndi kutopa kwa chitsulo kapena dzanja la munthu. Ulendo uliwonse khoma la ndege limafufuma pang'ono pokwera n'kuphwa potsika, ndipo zikachitika maulendo zikwizikwi timing'alu timayamba m'mbali mwa misomali. Dziko linaphunzira zimenezi mu 1954, pamene ndege ziwiri za mtundu wa de Havilland Comet zinaphulika m'mwamba zitangonyamuka ku Rome, ina mu Januwale, ina mu Epulo pa ulendo wopita ku Johannesburg. Akatswiri a ku Farnborough anamiza ndege ina ya mtundu womwewo m'thanki ya madzi, n'kumaipopa ndi kuiphwetsa mobwerezabwereza mpaka inang'ambika, ndipo m'pamene chinsinsi chinaululika.

Pa 28 Epulo 1988, Boeing 737 ya Aloha Airlines ikuuluka pakati pa zilumba za Hawaii, denga lotalika mamita opitirira 5 linasasuka ili pa mamita 7,300. Ndegeyo inali itanyamuka ndi kutera maulendo pafupifupi 90,000, m'mphepo ya mchere yodya chitsulo. Mayi wina wapaulendo anauza ofufuza kuti pokwera anaona mng'alu pafupi ndi chitseko koma sanauze aliyense. Mu Julaye 2008, m'ndege ya Qantas yochokera ku Hong Kong, silinda ya okosijeni inaphulika n'kuboola khoma. Ndipo pa 5 Januwale 2024, chotsekera khomo cha Boeing 737 MAX 9 ya Alaska Airlines chinathothoka itangonyamuka ku Portland, chifukwa mabawuti anayi ochigwira sanabwezeretsedwe ku fakitale.

Izi ndi zimene zimatchuka. Zofala kwambiri ndi zosamveka: labala ya pachitseko yatha, valavu yakakamira, makina opopera azima. Zoterezi zimachitika chaka chilichonse m'mayiko osiyanasiyana, ndipo pafupifupi zonse zimathera pa kutera bwinobwino.

Zikachitika mwadzidzidzi, m'ndege mumaoneka bwanji?

Mumamveka kuphulika, kenako chimphepo chothamangira kubowo chitanyamula mapepala, makapu ndi chilichonse chosamangirira. Nthawi yomweyo mumachita chifunga choyera. Ambiri amayesa utsi, koma ndi chinyontho cha mumpweya chimene chaundana chifukwa mpweyawo wazizira mwadzidzidzi, ndipo sichichedwa kutha. M'makutu mumawawa, m'mimba mumafufuma, mpweya umatuluka wokha m'chifuwa. Mamasiki amagwa okha kuchokera pamwamba pa mipando pulesha ya m'kati ikatsika kufika pofanana ndi mamita 4,300.

Kuchipinda cha oyendetsa nakonso sikukhala bata. Pa ndege ya Alaska ija chitseko cha chipindacho chinatseguka ndi mphepo, chomvera m'makutu cha wothandiza kaputeni chinavuka, ndipo pepala la mndandanda wa zoyenera kuchita pangozi linaulukira kumbuyo. N'chifukwa chake masitepe oyambirira sawerenga papepala. Amawaloweza.

Choyamba chimene oyendetsa amachita n'chiyani?

Kuvala masiki. Osati kuitana pawailesi, osati kuyang'ana chimene chawonongeka, ngakhale kutsitsa ndege kumene. Masiki ya woyendetsa imakhala m'kabokosi pambali pa mpando wake, ndipo anaipanga kuti aivale ndi dzanja limodzi m'masekondi asanu. Akaitsina poitulutsa, malamba ake amafufuma ndi mpweya kuti mutu ulowe mosavuta, akaisiya amafota n'kugwira nkhope. Okosijeni wake amachokera m'silinda yakeyake yosakhudzana ndi ya apaulendo, ndipo m'kati mwa masikiyo muli maikolofoni. Akavala, awiriwo amalankhulana kaye kuti atsimikize kuti aliyense akumva mnzake ndipo mutu wake ukugwira.

Chifukwa cha changu chonsechi ndi nthawi imene ubongo umatha kugwira ntchito popanda okosijeni wokwanira. Pa mamita 7,600 munthu amakhala ndi mphindi 3 mpaka 5. Pa mamita 10,700 amakhala ndi masekondi 30 mpaka 60. Pa mamita 12,000 ndi masekondi 15 mpaka 20 basi, ndipo mpweya ukathawa mwadzidzidzi nthawiyi imatha kuchepa ndi theka. Izi sizikutanthauza kuti pakatha masekondiwo munthu wafa. Zikutanthauza kuti sangathenso kuchita chinthu chanzeru, ngakhale chophweka ngati kunyamula masiki imene ili pamphuno pake.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Kuperewera kwa okosijeni m'magazi, kumene madokotala amati hypoxia, sikupweteka. Munthu sabanika, chifukwa chimene chimachititsa kubanika ndi mpweya woipa ukachuluka m'magazi, ndipo pamenepa mpweya woipawo ukutuluka bwinobwino. Ena zala zimachita dzanzi, ena amamva kutentha kapena chizungulire, milomo ndi zikhadabo zimachita buluu. Koma ambiri amangomva kukoma, kupepukidwa, n'kumadziona kuti zonse akuchita molondola. Chiwalo chimene chikanamuchenjeza ndicho chimayamba kufooka.

Koma woyendetsa waluso sangayambe wafufuza kaye ngati alamu ikunena zoona?

Funso limeneli linayankhidwa ndi miyoyo ya anthu 121. Usiku wa pa 13 kulowa 14 Ogasiti 2005, Boeing 737 ya Helios Airways inafika ku Larnaca, ku Cyprus, kuchokera ku London, ndipo ogwira ntchito anadandaula za phokoso pa chitseko chakumbuyo. Injiniya anayesa ngati ndegeyo ikutaya mpweya, ndipo kuti ayese anapotokola swichi ya pulesha kuichotsa pa AUTO kuiika pa MAN, kutanthauza kuti valavu iziyendetsedwa ndi munthu, osati kompyuta. Ofufuza anapeza kuti swichiyo sinabwezedwe. M'mawa mwake oyendetsa awiri anadutsa mindandanda itatu imene ikanawaonetsa zimenezi, koma diso linaona chimene linazolowera kuona. Ananyamuka cha m'ma 9 koloko kupita ku Athens valavu ili yotseguka pang'ono.

Ndege itadutsa mamita 3,600 alamu inalira. Tsoka lake, pa Boeing 737 ya nthawi imeneyo kulira kwa alamu ya pulesha kunali kofanana ndendende ndi kwa alamu ina yochenjeza kuti ndege sinakonzekere kunyamuka, imene imalira pansi pokha. Oyendetsawo anayesa kuti ndi imeneyo yasokonekera. Anapitiriza kukwera, kaputeni n'kuitana akampani yake pawailesi. Injiniya uja anamufunsa mwachindunji ngati swichi ya pulesha ili pa AUTO. Kaputeni sanayankhe funsolo, anafunsa za komwe kuli mafyuzi a makina oziziritsa zipangizo. Ubongo unali utayamba kale kuzima, iye osadziwa. Kumbuyo mamasiki anali atagwa, apaulendo atavala, akudikira kuti ndege itsike. Sinatsike.

Makina a autopilot anaikweza mpaka mamita 10,400 n'kuifikitsa ku Athens, kumene inayamba kuzungulirazungulira yokha. Ndege ziwiri za nkhondo za Greece za mtundu wa F-16 zitaiyandikira, asilikali anaona mpando wa kaputeni uli wopanda munthu, womuthandiza atagwera pa zowongolera, mamasiki akulendewera kumbuyo. Kenako anaona munthu akulowa m'chipindamo. Anali Andreas Prodromou, mmodzi mwa otumikira apaulendo, amene anakhalabe moyo ndi masilinda a okosijeni onyamula pamanja. Anali ndi laisensi yoyendetsa ndege koma sanaphunzire Boeing 737. Anakhala pampando wa kaputeni, anaitana Mayday, mawu opempha thandizo pangozi, koma wailesi inali ikadali pa nambala ya ku Larnaca ndipo palibe anamumva. Mafuta anatha, injini yakumanzere inazima, yakumanja inatsatira, ndipo ndegeyo inagwa m'mapiri pafupi ndi Grammatiko patangotsala pang'ono kukwana maola atatu chinyamukire.

Ndege imeneyi inalibe bowo ngakhale limodzi. Mainjini anali bwino, mapiko anali bwino. Oyendetsawo akanavala masiki alamu itangolira, akanaiona swichiyo m'mphindi imodzi. Zofananazi zinachitikanso pa 25 Okutobala 1999 ku America, pamene kandege ka Learjet konyamula katswiri wa gofu Payne Stewart kanauluka kokha pafupifupi maola anayi kuchokera ku Florida, mazenera atachita chisanu m'kati, mpaka kanagwa ku South Dakota ndi anthu asanu ndi mmodzi. Ofufuza anadandaula kuti mabuku a ndege zina ankauza woyendetsa kufufuza vuto asanamuuze kuvala masiki, ndipo mabukuwo anasinthidwa. Pambuyo pa Helios, mu 2011, bungwe la FAA la ku America linalamula kuti ma Boeing 737 akale aikidwe nyali zosiyanitsa maalamu awiri aja.

Ine ndimaona kuti lamulo la masiki choyamba ndi limodzi mwa malamulo anzeru kwambiri m'ntchito imeneyi, chifukwa silidalira luso la munthu. Limavomereza kuti ngakhale kaputeni wa zaka 30 pantchito sangadzidalire pa nthawi imene ubongo wake ukumunamiza.

Akavala masiki, n'chifukwa chiyani ndege imatsika ngati ikugwa?

Chifukwa okosijeni wa m'mamasiki ndi wongogulira nthawi. Mankhwala enieni ndi kufika kumene munthu angapume yekha. Ngati pulesha yakanika kubwerera, mmodzi mwa oyendetsa amabweza mainjini kuti angolira chabe osakoka, amadzutsa zitsulo za pamwamba pa mapiko zimene zimagwira mphepo, n'kuweramitsa mphuno ya ndege. Mnzake amayatsa chizindikiro cha malamba, amatsimikiza kuti mamasiki a apaulendo agwa, amaika nambala 7700 pa kachipangizo kodziwitsa oyang'anira mlengalenga, n'kuitana Mayday. Nambala imeneyi ikaoneka pa sikirini pansi, oyang'anirawo amachotsa ndege zina zonse m'munsi mwake. Nthawi zina woyendetsa amakhotanso kuchoka mumsewu wake wa m'mwamba kuti asagwere pa ndege ina yodutsa pansi pake.

Cholinga ndi mafiti 10,000, omwe ndi mamita 3,000, msinkhu wa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje. Anthu amakwera Sapitwa ndi miyendo n'kupuma popanda chithandizo. Kuchokera m'mwamba kufika pamenepo zimatenga mphindi 4 mpaka 6 nthawi zambiri.

Kwa amene wakhala kumbuyo, mphindi zimenezi n'zoopsa. Ndege ikunjenjemera chifukwa cha zitsulo za pamapiko zija, mphepo ikulira, m'makutu mukuwawa, ndipo kaputeni sakunena kanthu. Nyuzipepala mawa lake zimalemba kuti ndege inagwa mamita zikwizikwi. Sinagwe, anaitsitsa dala, ndipo nthawi zambiri autopilot imakhala ikugwirabe ntchito. Kaputeni wakhala chete chifukwa manja ndi pakamwa zonse zili pantchito. Chimene chiyenera kudetsa nkhawa ndi mamasiki kugwa ndege n'kumapitirizabe kukwera.

Pali kusamala kumodzi. Ngati akukayikira kuti khoma lang'ambika, sathamangitsa ndege mpaka pamapeto pa liwiro lake, kuopa kukulitsa bala. Ndege zina zatsopano monga Airbus A350 zili ndi makina otha kuyamba okha kutsikaku ngati pulesha yagwa ndipo oyendetsa sakuyankha.

Nanga pansi pakakhala mapiri aatali kuposa mamita 3,000?

Pamenepo sangangotsika. Ndege zodutsa pa Himalaya, Andes kapena mapiri ena aatali zimanyamuka ndi njira zothawira zokonzeratu: zikachitika pakati pa apa ndi apo, khotera uku, tsika kufika pakuti, dikira mpaka udutse phiri lakuti. Kaputeni amazidziwa asanafike pamalopo, ndipo ndege za m'njira zoterezi zimanyamula okosijeni wokhalitsa.

Pa 14 Meyi 2018, Airbus A319 ya Sichuan Airlines ikuchokera ku Chongqing kupita ku Lhasa, galasi lakutsogolo kumanja linasweka n'kuchoka ili pa mamita 9,800. Wothandiza kaputeni anakokedwera kunja theka la thupi, lamba n'kumugwira. Zipangizo zina za autopilot zinawonongeka. Kaputeni Liu Chuanjian anayendetsa pamanja m'chimphepo chozizira koopsa ndi phokoso losamvana, ndipo sakanatha kutsikiratu chifukwa pansi panali mapiri a m'mphepete mwa Tibet. Anatsika pang'ono, anadikira kuti atuluke m'mapirimo, kenako anatsiriza n'kukatera ku Chengdu. Anthu onse 128 anapulumuka.

Otumikira apaulendo amatani nthawi imeneyi? Ena amadandaula kuti amangokhala pansi.

Amakhaladi pansi, ndipo ndi zimene anaphunzitsidwa. Amagwira masiki iliyonse imene ili pafupi (mzere uliwonse wa mipando umakhala ndi yapadera, ndipo m'zimbudzi ndi m'khitchini namonso mumakhala okosijeni), amakhala pampando wopanda munthu kapena pansi n'kugwiritsa, ndipo amafuula ali pomwepo kuuza anthu kuti avale mamasiki ndi kumanga malamba. Munthu woyendayenda amatha okosijeni msanga kuposa wokhala, ndipo akakomoka pakati pa mipando wasanduka wodwala wina m'malo mwa wothandiza. Pa ndege ya Aloha ija, munthu yekhayo amene anafa anali Clarabelle Lansing, wotumikira wamkulu, amene anali chiimirire pamene denga linachoka. Onse omanga malamba anafika nawo ku Maui.

Ndege ikafika poyenera, kaputeni amalengeza kuti tsopano angadzuke. Apo amanyamula masilinda a pamanja n'kuyendera mzere uliwonse, kuyang'ana okomoka, ana, okalamba, odwala mtima ndi amene anali kuchimbudzi, kenako n'kukauza kaputeni zimene aona: bowo lili pati, lakula bwanji, ovulala ndi angati. Woyendetsa saona kumbuyo, maso ake ndi iwowa. Ndipo chichitikireni za Helios amaphunzitsidwanso kuti mamasiki akagwa koma ndege osatsika, asadikire, aitane kutsogolo msangamsanga, ndipo kukakhala zii alowe.

Pena ntchito yawo imapitirira zonse zolembedwa. Pa 10 Juni 1990, ndege ya British Airways yochokera ku Birmingham kupita ku Málaga ili pa mamita 5,300, galasi lakutsogolo linachoka chifukwa mabawuti 84 mwa 90 amene anamangira anali ochepa thupi pang'ono. Kaputeni Tim Lancaster anakokedwera kunja, miyendo yokha n'kukola m'kati. Nigel Ogden, amene ankatumikira apaulendo, anamudumphira n'kumugwira. Manja ake atafooka ndi chisanu, anzake analandira. Ankaona nkhope ya kaputeni ikumenyeka pa zenera lam'mbali maso ali chitsegukire, ndipo ankaganiza kuti wafa, koma sanamusiye, poopanso kuti thupilo lingakalowe mu injini. Wothandiza kaputeni, Alastair Atchison, anatsitsa ndege yekha n'kukatera ku Southampton patatha mphindi pafupifupi 20. Lancaster anali moyo, ndipo pasanathe theka la chaka anabwerera pantchito.

Masiki ya wapaulendo imagwira ntchito bwanji, ndipo bwanji amati uyambe wavala iwe usanaveke mwana?

Pa ndege zambiri, pamwamba pa mipando palibe silinda ya mpweya. Pali kachitini ka mankhwala a sodium chlorate, amene akayatsidwa amatulutsa okosijeni. Chimene chimayatsa ndi kukoka masiki: kachingwe kamasolola kapini. N'chifukwa chake amanena kuti kokani kaye. Kachitiniko kamatentha kwambiri, choncho fungo lopserera limamveka, ndipo sichizindikiro cha moto. Kathumba kapulasitiki kolendewera mwina sikafufuma, koma okosijeni akuyenda. Kamagwira ntchito mphindi 12 mpaka 22 malinga ndi mtundu wake. Zikumveka zochepa, koma n'zokwanira kawiri kapena katatu nthawi imene ndege imafuna kuti itsike.

Masiki iyenera kuphimba mphuno ndi pakamwa pomwe. Pa 17 Epulo 2018, injini ya ndege ya Southwest Airlines itasweka n'kuphwanya zenera, zithunzi zojambulidwa m'katimo zinaonetsa anthu ambiri atavala pakamwa pokha, mphuno zili pamtunda. Anapulumuka chifukwa Kaputeni Tammie Jo Shults ndi mnzake anatsitsa ndegeyo mwachangu n'kukatera ku Philadelphia.

Za mwana zija zimavuta kuzimva, makamaka kwa mayi. Mtima wa kholo umathamangira mwana, ndipo palibe angaudzudzule. Koma werengani masekondi aja. Mwana wamantha amakana, amapotoza mutu, amakoka lamba. Mayi akatha masekondi 30 akulimbana naye, onse awiri akomoka ndipo palibe wovekanso mnzake. Mayi akavala yekha m'masekondi asanu, ngakhale mwana atakomoka pang'ono, amatsitsimuka akangomuveka, ndipo kukomoka kwa kanthawi kotere sikuwononga ubongo. Kuyamba iwe ndiyo njira yachidule yomufikira mwanayo.

Kodi munthu angakokedwere kunja? Nanga wina atatsegula chitseko dala?

Angakokedwe, koma makamaka amene ali pafupi penipeni ndi bowo, m'masekondi oyambirira pamene mpweya wa m'kati ukuthamangira kunja. Pa ndege ya Southwest ija, Jennifer Riordan, amene anakhala pa zenera losweka, anatulutsidwa theka la thupi ngakhale anali atamanga lamba. Anzake anamukokera m'kati koma anamwalira. Pa ndege ya Alaska, mipando iwiri yoyandikana ndi khomo lija inali yopanda anthu, ndipo mnyamata wina amene anali chapafupi mphepo inamuvula malaya, iye n'kutsala pampando ndi lamba wake. Lamba sateteza ku zonse, koma ndi chifukwa chokwanira chomumangira ulendo wonse, ngakhale momasula pang'ono.

Chitseko chokha musadere nacho nkhawa ndege ili m'mwamba. Zitseko zambiri zimayamba zalowa m'kati kapena kukwera pang'ono zisanatseguke, ndipo pulesha imazikanikiza pa felemu ndi mphamvu yoposa matani 5 pa sikweya mita iliyonse. Palibe munthu angalimbane nayo. Pafupi ndi pansi, pamene pulesha ya m'kati ndi ya kunja zatsala pang'ono kufanana, m'pamene zimatheka, monga zinachitikira mu Meyi 2023 pa ndege ya Asiana ikutera ku Daegu, ku South Korea.

Akafika pa mamita 3,000 aja, ndiye kuti zatha?

Choopsa chachikulu chadutsa, koma ntchito ikadalipo. Oyendetsa amavula mamasiki mmodzimmodzi, wina akuyang'anira mnzake. Kenako amawerengera mafuta, chifukwa ndege ikamauluka m'munsi imamwa mafuta ambiri kuposa m'mwamba, ndipo kumene imapita mwina sikungafikikenso. Pa nyanja zikuluzikulu kapena pa chipululu cha Sahara nkhani imeneyi ndi yaikulu, ndipo malamulo amafuna kuti ndege inyamuke ndi mafuta okwanira kukafika pa bwalo lina ngakhale pulesha itatha pamalo oipitsitsa a ulendowo.

Amasankha bwalo loyandikira limene lili ndi msewu wokwanira, ozimitsa moto ndi chipatala. Amafunsa kumbuyo za ovulala, amauza apaulendo zimene zachitika, ndipo kutsika kotsalako amakuchita pang'onopang'ono chifukwa makutu a anthu avutika kale. Ena amatuluka magazi m'mphuno kapena m'makutu, makamaka amene anali ndi chimfine. Ndege ya Qantas ija, imene inkapita ku Melbourne, inakatera ku Manila ndi chibowo cha pafupifupi mamita awiri pafupi ndi phiko lakumanja, katundu akuonekera kunja, koma anthu onse anatsika ndi miyendo yawo.

Zonsezi oyendetsa amazibwereza m'makina oyeserera kuuluka, amene amalowamo kamodzi kapena kawiri pachaka moyo wawo wonse wapantchito. Ena, makamaka a usilikali, amalowetsedwanso m'chipinda chimene amachotsamo mpweya pang'onopang'ono, n'kuwavula masiki, n'kuwapatsa masamu ophweka kapena makadi oti atchule. Cholinga n'chakuti aliyense adziwe zizindikiro za thupi lake, popeza zimasiyana munthu ndi munthu koma mwa munthu mmodzi zimabwera zomwezomwezo. Amawajambula pa vidiyo, ndipo pambuyo pake amawaonetsa mmene ankamwetulira akulephera kulemba dzina lawo, mlangizi akuwauza mobwerezabwereza kuti avale masiki iwo osamva.